Odyera Mbalame Osazipha

Mlendo amene wakwera ndege ku London kapena ku Johannesburg kudzaona mbalame kuno sabwerera mbalame iliyonse. Amafika ndi mndandanda m'thumba. Mwa mitundu pafupifupi 650 imene inalembedwa kuti imapezeka m'Malawi, mtima wake umakhala pa khumi kapena makumi awiri ovuta kuwaona kwina. Nkhwazi, imene ili pa chizindikiro cha dziko lathu, aiona tsiku loyamba popanda womuthandiza. Koma kambalame ka m'ziyangoyango za ku Thyolo, kolira kawiri n'kukhala duu, sangakapeze yekha ngakhale atagona m'nkhalangomo sabata yathunthu. Pamafunika munthu wodziwa malowo, amene kumaloji amangomutcha gaidi.

Anthu amaganiza kuti ntchitoyi ndi ya maso, pomwe kwenikweni ndi ya khutu. M'nkhalango yowirira mbalame imayamba kumveka isanaoneke, ndipo gaidi wabwino amatchula dzina lake galimoto isanaime n'komwe. Luso lotere ambiri sanalitenge m'kalasi. Analitola ali ana, legeni ili m'khosi, akutchera ulimbo pa zitsime ndi misampha ya nkhwali m'mphepete mwa minda. Mwana wofuna kudya timba amayenera kudziwa kumene timba amamwa, nthawi imene amatera ndi mtengo umene amakonda. Chimene amadzaphunzira atakula ndi mayina a m'mabuku, kugwiritsa ntchito magalasi oonera patali, ndi kuleza mtima ndi mlendo amene akulephera kuona chinthu chimene chili pamphuno pake.

Ntchitoyi ili ndi kholo lake, ngakhale ana athu saphunzira za iye kusukulu. Jali Makawa, Mlomwe, anagwira ntchito zaka zambiri ndi C. W. Benson, mzungu wa boma la atsamunda amene pamodzi ndi mkazi wake anatulutsa buku la mbalame za m'Malawi mu 1977. Makawa ankadziwika ndi khutu lakuthwa komanso luso lotsanzira kulira kwa mbalame mpaka yeniyeniyo kubwera. Benson anapita naye mpaka kuzilumba za Comoros mu 1958, ndipo pali kambalame ka m'mapiri athu kamene m'dzina lake la sayansi muli mawu oti makawa. Pachikuto cha mabuku panalembedwa mayina a azungu, koma zambiri zimene zili m'katimo zinayamba kumveka m'makutu a anthu ngati iyeyu. Kunena zoona, mpaka lero sizinasinthe kwambiri: chithunzi chikatchuka pa intaneti amatamandidwa ndi wojambula, osati amene anati “bwana, imani apa, yang'anani nthambi yachitatu.”

Kumene ntchitoyi yakhazikika bwino ndi ku Liwonde. Pakiyi inatsegulidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Mbalame zake zimaposa mitundu 400, ndipo mtsinje wa Shire ndiwo msewu wake waukulu. Choncho theka la ntchito lili m'manja mwa woyendetsa boti. Ayenera kudziwa pozimitsa injini kuti boti liyandame lokha kufika pansi pa mtengo popanda kudzidzimutsa chimene chateramo, uku diso lina lili pa mvuu, poti mvuu yamwana siseka ndi munthu. Alendo ambiri amafuna kadzidzi wamkulu wofiirira wodya nsomba, Pel's fishing owl, amene masana amabisala m'mitengo ya masamba ambiri m'mbali mwa mtsinje. Gaidi amene akudziwa mtengo umene kadzidziyu wagona sabata imeneyo ali ndi chuma m'manja, ndipo sauza aliyense wamba. N'zoseketsa ndithu: kumudzi kwawo kadzidzi akalira padenga anthu sagona, amati kukubwera maliro, koma iye fizi ya ana ake ikuchokera kwa kadzidzi yemweyo.

Ku Liwonde komweko kuli tizinkhwe tobiriwira ta nkhope yofiira, Lilian's lovebird, togona m'mphako za mitengo ya tsanya. M'Malawi muno kwawo kwenikweni n'komweko. Dr Tiwonge Mzumara-Gawa, mmodzi wa Amalawi ochepa amene anaphunzira za mbalame mpaka pamwamba, anafufuza moyo wa timbalameti, kuphatikizapo vuto la anthu opha nyama mozemba amene amathira poizoni m'zithaphwi, timbalame n'kumafa tikabwera kudzamwa. Apa m'pamene ntchito ya gaidi imatsamira pa ya agemu, amene amayenda wapansi masiku angapo mfuti ili paphewa, kuchotsa misampha ya waya ndi kulondera madzi. Mlendo sawaona kawirikawiri, ndipo ya fanta siwafika.

Kumapiri a kummwera nkhani ndi ina. Kulibe mpanda wa magetsi, kulibe kampani yolemba gaidi pamwezi. Ambiri ndi odziyimira paokha, odikira alendo pa Ku Chawe ku Zomba kapena pa Likhubula ku Mulanje, ndipo ambiri mwa iwo anayamba ndi kunyamula zikwama za okwera phiri. Komatu kumeneku n'kumene kuli mbalame zamtengo wapatali. Yellow-throated apalis, kambalame ka pakhosi pachikasu, kamapezeka pa Mulanje, Zomba ndi Malosa. Thyolo alethe inatenga dzina la phiri la Thyolo, koma nkhalango ya paphiripo inadulidwa n'kusanduka minda, moti lero ofuna kuiona amapita ku tizigawo ta nkhalango totsala m'minda ya tiyi ngati ku Satemwa, kapena ku chigwa cha Ruo ku Mulanje. Inanso ili tsidya la malire, pa mapiri a Namuli, Mabu ndi Chiperone ku Mozambique. Gaidi wa kuno ntchito yake imachepa ndi nkhwangwa iliyonse imene yalira m'phiri, ndipo wodulayo nthawi zambiri ndi mnansi wake, mwinanso mlamu wake. Akamuletsa amayankhidwa kuti, “Inu achimwene mumadya za azungu, ife tidye chiyani?” Funsolo si lopusa, ndipo sindinamvepo yankho lake lokhutiritsa.

Dzalanyama, kufupi ndi Lilongwe, ndi nkhalango ya miombo imene odziwa mbalame amaitchula ndi ulemu chifukwa cha gogomole wosowa wotchedwa Stierling's woodpecker ndi zina zokhala m'mitengo ya tsamba ndi mombo. M'miombo mutha kuyenda ola lathunthu kuli zii, kenako gulu la mitundu yosiyanasiyana yodyera limodzi n'kudutsa nthawi imodzi, ndipo gaidi ayenera kutchula mayina mofulumira gululo lisanapite. Nkhalangoyi ndiyonso gwero la madzi a mumzinda wa Lilongwe, koma makala ake ndi amene amaphikira mzinda womwewo, mpaka boma linatumizako asilikali kukailondera. Pamsewu wopita kumeneko galimoto ya alendo imapatukira njinga zosenza matumba a makala.

Ku Nyika, paki yaikulu kuposa zonse, kumafunika gaidi wopirira chisanu ndi mtunda. Alendo amafuna namzeze wabuluu amene amabwera kudzaswa m'udzu wa pamwamba pa phiri nthawi ya dzinja n'kubwerera cha ku Uganda mvula ikatha, komanso Denham's bustard, chimbalame choyenda pang'onopang'ono m'dambo. Wogwira ntchito ku Chelinda amatha milungu osaona banja lake. Ku Vwaza, ku Misuku, ku Luwawa, ku Ntchisi ndi ku Lengwe nakonso kuli mbalame zokoka anthu, koma alendo ake ndi apatalipatali moti munthu sangadalire zokhazo popanda munda.

Kumadambo ndiko kuli anthu ochuluka odalira mbalame, koma iwo amazidya zenizeni. Nyanja ya Chilwa, malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, imadyetsa mabanja ambiri osaka mbalame za m'madzi. Amatchera misampha m'mabango ndi m'minda ya mpunga, n'kukagulitsa zootcha m'misika. Nyanjayi ikaphwa, monga inachitira mu 1995 ndi 2018, matemba amasowa ndipo asodzi nawo amatembenukira ku mbalame. Bungwe loteteza zachilengedwe la WESM, limene linayamba mu 1947, linathandiza osakawa kupanga makalabu oti azigwirizana nyengo yoleka kusaka ndi malo osiyira mbalame kuti ziswane. Ena amawaona ngati adani a chilengedwe. Ine ndimaona kuti palibe amene amadziwa mbalame za pa Chilwa kuposa iwo, ndipo mlendo akatsikira pa Kachulu, bwato limene akwere mwini wake ndi mmodzi wa anthu omwewa kapena mbale wawo. Ku Elephant Marsh, m'chigwa cha Shire, kumene kunalowa m'ndandanda womwewo mu 2017, n'chimodzimodzi: wopalasa bwato pakati pa akakowa, avuwo ndi atsekwe ndi msodzi amene wasiya ukonde tsiku limenelo chifukwa mlendo walipira kuposa nsomba.

Chopweteka pa ntchitoyi ndi nyengo. Mbalame zimakoma kuyambira Novembala mpaka Epulo, pamene zochokera ku Ulaya zafika ndipo zakuno zavala nthenga zoswera n'kumalira mosalekeza. Koma imeneyo ndi nthawi imene misewu ya ku Nyika ndi ku Dzalanyama imaterera, maloji ena amatseka, ndipo alendo ambiri amadikira chilimwe kuti adzaone njovu ndi mikango. Gaidi wa mbalame amapezeka akuonetsa mvuu m'miyezi ya ndalama, n'kukhala pakhomo m'miyezi imene luso lake likanaoneka. Zida nazo n'zodula. Magalasi oonera patali ndi buku la zithunzi za mbalame zimene ambiri ali nazo ndi zosiyiridwa ndi mlendo wokhutira.

Foni yabweretsanso mpikisano wachilendo. Tsopano aliyense atha kuika kulira kwa mbalame m'foni n'kukuliza m'nkhalango, mbalame n'kutuluka kudzathamangitsa mdani amene kulibe. Mnyamata woyamba kumene ntchito amakondwera nazo chifukwa mlendo amajambula msanga, ya fanta n'kukula. Akuluakulu a ntchitoyi amadandaula kuti pamalo pamene paliziridwa foni tsiku ndi tsiku mbalame imasiya kuyankha, mwinanso kusiya chisa, ndipo wotsatira kubwera ndi alendo ake amapeza nkhalango ili chete. Malo amene Thyolo alethe yatsala ndi owerengeka, ndipo magaidi onse amapita pa mitengo yomweyomweyo.