Agogo mmodzi, mayina asanu

Ambiri amene amabwera kwa ife ofufuza mbiri ya mabanja amabwera atanyamula dzina limodzi lokha. Amati, "Agogo athu ankatchedwa akutiakuti, tipezereni m'mabuku." Dzinalo likapanda kupezeka, amaganiza kuti mabuku anatayika kapena kuti agogowo sanalembedwe paliponse. Nthawi zambiri agogowo amakhala alimo ndithu, kungoti analembedwa ndi dzina limene adzukulu awo sanalimvepo.

Taonani nkhani ya Clements Kadalie. Mu 1919 mkuluyu anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town, ndipo anamwalira ku East London mu 1951. Mabuku a mbiri ya dziko la South Africa amamudziwa ndi dzina limeneli. Koma kwawo ku Chifira, m'boma la Nkhata Bay, kumene anabadwa mu 1896, anali Lameck Koniwaka Kadali Muwamba. Wofufuza amene angapite kumudziko akufunsa za "Kadalie" yekha angasemphane ndi abale ake a kwa Muwamba. Chimodzimodzinso mtsogoleri wakale wa dziko lino, Bingu wa Mutharika, amene anabadwira ku Thyolo mu 1934: zikalata za ubwana wake muyenera kuzifufuza pa dzina la Brightson Webster Ryson Thom.

Ngati anthu otchuka chonchi ali ndi mayina awiriawiri, kuli bwanji mlimi wa kumudzi?

Kwathu kuno munthu amakula nawo mayina. Khanda likatuluka m'chikuta limapatsidwa dzina. Mnyamata akavinidwa, kaya kudambwe kaya kujando, kawirikawiri amabwerako ndi lina, ndipo kumutchulanso dzina la paubwana kumakhala chipongwe. Akabatizidwa, m'kaundula wa mpingo mumalowa dzina lachikhristu. Akabereka mwana amasanduka "bambo a Chikondi", ndipo akalowa ufumu amatenga dzina la ufumuwo, lakelo n'kuzimirira. Kwa amayi ndiye nkhani imavuta kwambiri. Mudzi wonse ukhoza kumudziwa mayi ngati Naphiri kapena Nabanda kwa zaka 60, koma osapezeka ndi mmodzi yemwe wokumbukira dzina limene anabatizidwa nalo. M'mudzi womwewo a Naphiri akhoza kukhalamo khumi.

Kenako pali mayina a kuntchito. Amuna masauzande ambiri anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka boma linaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74. Ena anakagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia. Kalaliki wolemba anthu ankalemba zimene khutu lake lamva, ndipo bwana akalephera kutchula dzina ankangopereka lake, monga Sixpence kapena Jim. Ena mwa amunawo ankasintha okha dzina pofuna kulembedwanso ntchito kapena pozemba msonkho. Mtchona akamwalira kunja, dzina la pa chiphaso chake ndilo linkalembedwa, ndipo ana ake ku Zimbabwe lero amaliyesa dzina la banja.

Mayina odulidwa nawo ali ndi msampha wawo. Lero Thokozani timangoti Thoko, Madalitso ndi Mada, Yamikani ndi Yami, ndipo aliyense amadziwa kumene achokera. Koma amishoni a ku Scotland amene anakhazikitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 anabwera ndi kadulidwe kawo, kamene sikaoneka msanga. Kwa iwo Peggy ndi Margaret, Sandy ndi Alexander, Jessie nthawi zambiri ndi Janet, Bill ndi William. Polemba m'kaundula ankafupikitsanso: Wm. kuimira William, Jas. kuimira James, Jno. kuimira John. Mtsikana wobatizidwa kuti Elizabeth akhoza kupezeka ngati Eliza m'buku la sukulu, Bessie m'buku la ukwati, kenako Liza pamwala wa pamanda. Onjezani apo chizolowezi chathu chosinthanitsa L ndi R, mupeza kuti Ruth wa m'buku lina ndi Lute wa m'buku linzake, Rabson ndi Labisoni.

Dzina longopatsidwa ndi anzako limatha kukhalitsa kuposa lenileni. John Moir, mmodzi mwa abale awiri amene ankayendetsa kampani ya African Lakes yokhazikitsidwa mu 1878, ankavala magalasi, ndiye anthu anamutcha Mandala. Lero ku Blantyre kuli dera la Mandala ndi nyumba ya Mandala yomangidwa mu 1882, ndipo ambiri odutsa pamenepo dzina la Moir salidziwa n'komwe. N'chifukwa chake ine dzina la masewera sindilipeputsa. Limanena za ntchito ya munthu, maonekedwe ake kapena kumene anayenda, ndipo ndilo limatsegula pakamwa pa nkhalamba zimene zinamuona.

Ntchito yathu tsono ndi yolumikiza mayinawa. Tikafika kwa gogo wa m'banjamo sitifunsa kuti, "Dzina lawo anali ndani?" Timafunsa kuti, "Amayi awo ankawaitana bwanji? Nanga kutchalitchi? Atabwerako ku Joni anzawo ankawatchula chiyani?" Dzina lililonse timalilemba pamzere wakewake, pamodzi ndi amene watiuza komanso nthawi imene linkagwira ntchito. Kenako timafufuza ndi kalembedwe kalikonse kamene kalaliki akanatha kulemba, m'makaundula a mipingo, m'mabuku a mafumu ndi ku National Archives ku Zomba.

Kufanana kwa dzina pakokha si umboni. Kuti tinene kuti Jas. Phiri wa m'kaundula ndi yemwe uja ankatchedwa Jemusi kumudzi, pamafunika zinthu zina zigwirizane: mudzi, mfumu, mfunda, dzina la mkazi kapena la malume, ndiponso zaka. Zikagwirizana ziwiri zokha timalemba kuti "mwina". Kuthamangira kumaliza n'kumene kumachititsa mabanja kulumikiza mzere wawo kwa anthu achilendo.

Chiyambire kalembera wa zitupa za unzika mu 2017, aliyense akumangidwa ku dzina limodzi lokhazikika. Izi zidzathandiza ofufuza a m'tsogolo, koma chitupa sichisunga dzina la paubwana, la kuchinamwali kapena la kumgodi. Amenewo ali m'mitu ya achikulire okha. Ngati kwanu kudakali gogo, pitani ndi kope ndi cholembera, mukawafunse mayina onse a makolo awo ndi a abale awo, ngakhale amene akuoneka ngati oseketsa, ndipo mukalembe monga momwe akuwatchulira.