Mkuyu wa ku Nkhotakota

Munthu wina anali pa ulendo wa pa galimoto pamodzi ndi mkazi wake ndi ana awo, kuchokera ku Salima kunka kumpoto. Pofika ku Nkhotakota anapatuka mu msewu, naima pafupi ndi chipatala cha St Anne's, patsinde pa mkuyu waukulu. Mwana wamng'ono anafunsa nati, "Atate, taimiranji pano? Kodi kwathu kulibe mikuyu?" Atate ake anati, "Ilipo, mwana wanga, koma uwu uli ndi mbiri."

Mbiri yake ndi iyi. Kale ku Nkhotakota kunali Jumbe, mfumu ya Aswahili ochokera ku gombe la nyanja ya mchere. Malonda ake anali minyanga ya njovu ndi anthu. Amuna, akazi ndi ana ogwidwa m'midzi ankawasonkhanitsa padooko, nawaolotsa nyanja m'zombo. Kutsidya ankayenda pansi miyezi ingapo kufikira ku Kilwa, amuna ali m'magoli. Ambiri ankafera m'njira, ndipo otsalawo sanaonenso kwawo.

M'chaka cha 1863 David Livingstone anafika ku Nkhotakota, naona zoipazi ndi maso ake. Anthu akumeneko amasimba kuti anapumula pansi pa mkuyu umenewu, ndi kuti anadandaulira Jumbe kuti aleke kugulitsa anthu. Koma malondawo sanaleke, pakuti phindu lake linali lalikulu. Livingstone anamwalira mu 1873, akapolo akuolotsedwabe.

Komatu mawu ake sanapite pachabe. Iye analemba zonse anazionazo, ndipo anthu a ku Britain atawerenga anagwidwa chisoni. Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wa masiku amenewo, ndipo zisanathe zaka khumi malonda a akapolo anatheratu ku Nkhotakota. Mu 1894 anthu a mishoni ya UMCA anakhazikika kumeneko. Kumene kunkamveka kulira kwa akapolo kunayamba kumveka mawu a ana a sukulu.

Atamva izi, ana aja anakhala chete, nayang'ana kunyanja kumene asodzi anali kupalasa mabwato awo mwaufulu. Pamenepo amayi awo anati, "Tiyeni, ana anga, dzuwa lapendeka."

Ana inu, mkuyu sukula tsiku limodzi. Momwemonso mawu oona akhoza kukanidwa lero, koma wowanenayo asataye mtima, pakuti adzabala zipatso pa nyengo yake.