Bokosi la Pansi pa Kama

M'nyumba zambiri za dziko lino, kuyambira ku Ndirande kufikira kumidzi ya m'tsinde mwa phiri la Dedza, muli bokosi lachitsulo logona pansi pa kama, limene eni ake salitsegula, salitaya, ndiponso sakondwa mlendo akalifunsa. Ndipo ngakhale mayi asese m'chipindamo m'mawa uliwonse, tsache limalilambalala monga munthu alambalala manda. Lathu linali lobiriwira, la loko wadzimbiri. Atate anadza nalo kuchokera ku Joni pamene anabwerera kwawo pamodzi ndi anzawo zikwizikwi, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 ndi kupha amuna a ku Malawi 74, tsoka limene linachititsa Dr Banda kuletsa ulendo wa kumigodi.

Atatewo atatsikira kulichete, bokosi linakhala chikhalire zaka zambiri, kufikira dzinja lina pamene denga linadontha, chiswe n'kukwera khoma, ndipo chipindacho chinafunika kwa mdzukulu wodzayamba sekondale. Amayi anakana kuligwira popanda mlongo wawo. Chotero tinadikira amalume masabata atatu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tsiku lotsegula, chimene chinayamba kutuluka si chinthu ayi, koma fungo: fungo la fodya, la sopo wakale ndi la thukuta la munthu amene tinamuika kalekale. Pamwamba panali jasi lolemera ndi gombeza limene njenjete zinalidya mphepete. Pansi pake chitupa chokhala ndi chidindo cha chala, malisiti a msonkho, makadi a chipani omangidwa ndi luzi, aja amene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda iwo, ndiponso makobiri obowoka pakati a nthawi ya Chitaganya, amene sagulanso ngakhale mchere wa pachikhatho. Pangodya panali Buku Lopatulika, ndipo mkati mwa chikuto chake atate analemba tsiku lobadwa la mwana aliyense, pamodzi ndi awiri amene sanakule.

Amalume, atakhala chete nthawi yaitali, anatikumbutsa kuti makolo athu Achewa analibe msampha wotere. Munthu akamwalira, zina mwa zinthu zake zinkapita naye kumanda, abale ankameta, zovala zinkagawidwa pamaso pa mbumba yonse, ndipo nyumba yake yamitengo ndi dothi inkagwetsedwa, kuti otsala aone ndi maso kuti mwini wake wasamukadi. Tingatche mwambowo wankhanza ngati tifuna, koma ine ndiona chifundo m'menemo, popeza unkachotsa mtolo pamutu pa wamasiye ndi kuuika pa mudzi wonse, ndipo unkaika tsiku. Lero timanga ndi njerwa zootcha ndi kufolera malata, ndipo palibe wamisala amene angagwetse nyumba yotere. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linachita bwino kumanga manja a achibale aumbombo amene ankasesa m'nyumba maliro asanazizire; koma lamulo linena za kagawidwe ka chuma, silinena kanthu za chisoni chimene chili m'jasi. Pamenepo wamasiye atsala yekha ndi bokosi lake, ndipo tsiku loti alitsegule salipeza.

Ine, mwa nzeru zanga za m'tauni, ndinati tijambule zonse pa foni, zotsala tizitenthe. Amayi anandiyang'ana monga ayang'ana mwana wolankhula pa bwalo la akulu, nati, "Mwana wanga, kodi chithunzi chimanunkha atate ako?" Ndinasowa poyankha, ndipo amalume anaseka mpaka kutsokomola.

Njira imene anatsata Amayi inali ina: sanafunse kuti chinthu chili ndi ntchito kapena ayi, koma ankachinyamula, kunena mbiri yake mokweza, ndi kutchula dzina la munthu wamoyo woyenera kuchilandira. Ndinazindikira pamenepo kuti chimene chinkawalemera sichinali kusiyana ndi chinthucho, koma mantha akuti mbiri yake itayika pamodzi nacho. Mbiriyo itangolowa m'makutu a adzukulu, dzanja linkamasuka lokha. Jasi linapita kwa mphwawo wa atate, mnyamata wa kabaza amene amalawira m'chisanu cha mu Juni. Ndipo pomupatsa anati kupatsa n'kuika, ndi kumulamula kuti azidutsa nalo pakhomo. Makobiri anagawira ana asukulu. Gombeza analidula, mbali yabwino n'kuyala pa mpando wawo. Makadi a chipani okha ndiwo sanawatchulire dzina la munthu. Anawaponya pamoto ndi dzanja lawo, osanena kanthu, ndipo palibe wa ife anafunsa.

Chitupa ndi Buku Lopatulika anazikulunga m'chitenje, naziika kumutu kwa kama wawo. Ntchito yonseyo inatha masiku awiri, ndipo misozi inagwa kawiri kapena katatu, makamaka pa maina a ana awiri aja.

Bokosilo tinalikwecha ndi mchenga ndi kulipaka utoto. Tsopano lili pa khonde la kuseri, ndipo Amayi asungamo mbewu ya mtedza, popeza makoswe sabowola chitsulo, koma akamatuma mdzukulu kukatapa, amanenabe kuti, "Katenge m'bokosi la agogo ako aamuna, ndipo utseke bwino."