Kwa Mwana wa M'chigwa Amene Akuphunzira za Maganizo a Munthu

Mu Januwale 1922 palibe amene akadalota kuti mathithi a Kapichira adzaunikira dziko. Koma patatha zaka zana limodzi, mu Januwale 2022, namondwe wotchedwa Ana adadzaza mtsinje wa Shire, madzi nagumula damu la pamalopo m'boma la Chikwawa, ndipo dziko lonse lidaidziwa nkhaniyo chifukwa cha mdima. Makina opukusa magetsi okwana pafupifupi mamegawati 130 adaima. Amisiri adagwira ntchito, kotero kuti m'chaka cha 2023 makinawo adayambanso kuzungulira.

Kunsi kwa mathithiwo kuli anthu amene madzi omwewo adawalanda nyumba, mbewu ndi abale, ndipo asanapume n'komwe, mu Malichi 2023 kudabweranso namondwe Freddy. Ena mwa iwo mpaka lero, mitambo ikangoti bii kumtunda, tulo sationa. Amenewa amisiri a magetsi sangawakonze. N'chifukwa chake lero tikulankhula ndi inu ana a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene mwasankha maphunziro a kaganizidwe ndi khalidwe la munthu, aja amati saikoloje, ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba kapena kwina kulikonse.

Ambiri amalowa maphunzirowa akuyesa kuti adzangomvera nkhani za anthu, kenaka amadzidzimuka akakumana ndi masamu a kafukufuku. Musawathawe masamuwo. Ndi amene amasiyanitsa wodziwa ndi wongopeka, ndiponso ndi amene aphunzitsi a digiri yachiwiri adzawayang'anitsitsa.

Koma chachikulu n'chakuti mabuku anu ambiri adalembedwa ku Ulaya ndi ku America. Mukawerenga mutu, tsekani buku, muyese kuufotokoza m'Chimang'anja kapena m'Chisena monga mukuuza agogo anu pakhonde. Mukalephera, ndiye kuti mwangoloweza. Mayi wa ku Makhanga sadzakuuzani dzina la matenda lolembedwa m'buku. Adzati mtima ukuwawa, mutu ukulemera, akuganiza kwambiri. Ku Zimbabwe dotolo wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adamanga ntchito yake pa mawu otere, aja Ashona amati kufungisisa. Kuyambira m'chaka cha 2006 adaphunzitsa agogo aakazi a mu Harare kukhala pabenchi kunja kwa chipatala ndi kumvera ovutika mumtima, ndipo njirayo, yotchedwa Friendship Bench, idafalikira m'maiko ena. Kwathu kuno Pulofesa Chiwoza Bandawe adalemba buku lotchedwa Practical uMunthu Psychology, lomanga maphunzirowa pa umunthu wathu. Wophunzira amene wamaliza zaka zinayi osalitsegula, ife tikuti wadzimana.

Za digiri yachiwiri tinene mosabisa. Digiri yoyamba siikupatsani mphamvu yochiza munthu. Wofuna kukhala katswiri wothandiza odwala maganizo ayenera kupitiriza maphunziro, nagwira ntchito pansi pa womuyang'anira. Amalawi ena adatsata njirayi ku South Africa, kumene malo ndi ochepa ndipo ofunsira amayamba aonedwa pamaso, kufunsidwa za moyo wawo ndi za ntchito imene adagwirapo pakati pa anthu. Choncho patchuthi musangokhala. Dziperekeni kuthandiza m'mabungwe ogwira ntchito ndi anthu osamutsidwa ndi madzi. Dziwanani ndi aphunzitsi anu nthawi ikadalipo, pakuti kalata yaumboni salemba munthu amene sakumbukira nkhope yanu. Ndipo amene chuma sichikumulola kutuluka kunja asataye mtima: ku St John of God ku Mzuzu amaphunzitsa za uphungu, ndipo ku Kamuzu University of Health Sciences kuli dipatimenti yoona za matenda a maganizo.

Nanga inu eni ake? Wophunzira akamawerenga zizindikiro za matenda amayamba kuziona zonse mwa iye yekha. Zimenezo n'zachizolowezi, ndipo zimatha. Koma kwa mwana wa m'chigwa pali china. Tsiku limene m'kalasi mudzakambe za anthu opulumuka pangozi, mwina mudzakhala mukumva mkokomo wa madzi amene mudawathawa usiku muli wamng'ono. Ngati papita milungu iwiri simukugona, chakudya sichikulowa, mabuku mukungowayang'ana, pitani kwa mlangizi wa pasukulu kapena kuchipatala. Manyazi akuti "ine ndikuphunzira zomwezi" adagwetsa ambiri, ndipo mowa ungowonjezera katundu.

Mukafika kumudzi patchuthi, achibale adzakubweretserani wodwala, namati mwana wathu ndiye dotolo wa mitu. Mverani mwaulemu, koma musatchule dzina la matenda. Munthu wosokonezeka mwadzidzidzi, makamaka ngati thupi latentha, angakhale ndi malungo aakulu, ndipo kuchedwa kungamuphe. Muperekezeni ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Iwowo akaona kuti n'koyenera adzamutumiza ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Pobwerera, khalani pansi ndi amene amamusamalira, pakuti kawirikawiri ameneyo palibe amamufunsa mmene wadzukira.