Limu yaikulu, tayala lopyapyala: masamu obisika m'magudumu a sports car

M'mbali mwa tayala lililonse la galimoto mumakhala mzere wa manambala ndi zilembo wonga uwu: 215/45 R17 87W. Ambiri amangouyang'ana n'kudutsa, koma munthu wofuna kusintha magudumu a galimoto yothamanga, ija timati sports car, sangachitire mwina koma kuuwerenga. Nambala imeneyi ndaisankha dala. Ndi ya matayala amene Toyota 86 inatuluka nawo mu 2012, kagalimoto ka zitseko ziwiri komwe Toyota inapanga mogwirizana ndi Subaru, ndipo ndi kagalimoto kameneka komwe tiyende nako m'nkhaniyi. Ikani calculator pafupi. Masamu alipo, koma musaope, ndi a Fomu 2 basi.

Tiyambe tagwirizana mawu. Limu ndi chitsulo chozungulira chija chomwe amamanga ndi manati. Tayala ndi labala wovekedwa pa limuyo. Ziwirizi zikaphatikizana ndizitcha gudumu.

Tsopano manambala aja. 215 ndi mulifupi mwa tayala, m'mamilimita. 45 ndiye amasokoneza anthu, chifukwa si mamilimita ayi, ndi peresenti. Akutiuza kuti khoma la tayala, kuchokera pamilomo ya limu kufika pomwe tayala limaponda pansi, ndi lalitali 45 peresenti ya mulifupi muja. Ndiye 215 kuchulukitsa ndi 0.45 tikupeza 96.75 mm. R akuimira radial, mtundu wa kayalidwe ka ulusi m'kati mwa tayala womwe kampani ya Michelin inalembetsa mu 1946. Kenako 17 ndi kukula kwa limu, koma m'mainchi. Eya, mzere umodzi uli ndi mamilimita, peresenti ndi mainchi, zomwe aphunzitsi anu a physics sangakulekerereni pa mayeso. Inchi imodzi ndi 25.4 mm, choncho limu yathuyi ndi 431.8 mm.

Kuti tidziwe msinkhu wa gudumu lonse, titenga limu n'kuonjezapo khoma kawiri, lapamwamba ndi lapansi: 431.8 + 96.75 + 96.75 = 625.3 mm. Isungeni nambala imeneyi, nkhani yonse yagona pamenepa.

Galimoto yomweyi ku Japan inkagulitsidwanso ndi malimu a mainchi 16, matayala ake 205/55 R16. Mukawerengetsa mupeza 631.9 mm. Mng'ono wake, GR86 yomwe inatuluka mu 2021, imapezeka ndi 215/40 R18, ndipo yankho ndi 629.2 mm. Mwaona? Limu yakula kuchoka pa 16 kufika pa 18, koma gudumu lonse silinasinthe kwenikweni. Kusiyana kwake ndi pafupifupi 1 peresenti. Limu ikamakula khoma la tayala likufupika: 113 mm, 97 mm, 86 mm. Choncho munthu akati "ndaika magudumu akuluakulu," nthawi zambiri chomwe wachita ndi kusinthanitsa labala ndi mpweya n'kuikapo chitsulo.

N'chifukwa chiyani mainjiniya amaumirira kuti msinkhuwu usasinthe? Chifukwa galimoto siona msewu. Imangowerenga kuti gudumu lazungulira kangati, n'kuchulukitsa ndi mtunda umene inauzidwa kufakitale kuti gudumu limayenda likazungulira kamodzi. Mtunda umenewu ndi circumference ija, π kuchulukitsa ndi diameter. Pa gudumu lathu ndi 1.96 m, kutanthauza kuti limazungulira pafupifupi ka 509 pa kilomita imodzi.

Ndiye tiyerekeze kuti wina wagula malimu a mainchi 18 koma wavekapo 225/45 R18, poganiza kuti 45 ndi 45 basi. Khoma likhala 101.25 mm, gudumu lonse 659.7 mm. Lakula ndi 5.5 peresenti. Sipidomita ikamaonetsa liwiro lomwe kale linali 100 km/h, galimoto ikuthamanga 105 ndi theka. A polisi apamsewu okhala ndi kamera sadzamva zoti vuto ndi circumference. Komanso mphamvu yomwe gudumu limakankhira msewu ndi torque kugawa ndi radius, ndiye radius ikakula mphamvuyo imachepa. Galimoto imanyamuka mwaulesiko ngati njinga yomwe mwainyamutsa ili pa giya yolemera. Kompyuta yoyang'anira mabuleki ndi kuterereka nayo imadalira kawerengedwe komweko ka magudumu. N'chifukwa chake ogulitsa matayala ambiri amalangiza kuti kusiyana kusapitirire 3 peresenti.

Nanga ngati msinkhu sukusintha, limu yaikulu ndi yachiyani? Zifukwa zenizeni zilipo ziwiri. Chachitatu ndi kutchena, ndipo tisanamizane, ndi chomwe chimagulitsa malimu ambiri.

Choyamba ndi mabuleki. Amakhala m'kati mwa limu, ndipo ntchito yawo ndi kusandutsa kinetic energy kukhala kutentha. Toyota 86 imalemera pafupifupi 1,250 kg. Pa 100 km/h, omwe ndi 27.8 m/s, ½mv² ikutipatsa pafupifupi 480 kJ. Kutenthetsa lita imodzi ya madzi kuchoka pa 20°C kufika powira kumafuna 336 kJ, ndiye kuima kamodzi kokha kumatulutsa kutentha kokwana kufikitsa powira madzi a tiyi wa banja lonse. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. Galimoto yomwe imaima mwamphamvu mobwerezabwereza pabwalo la mpikisano imafuna mbale za mabuleki zazikulu, ndipo mbale yaikulu singalowe mu limu yaing'ono.

Chachiwiri ndi khoma lija. Mukakhotetsa chiwongolero, limu ndi imene imayamba kutembenuka, khoma la tayala limapindika kaye, kenako gawo loponda pansi limatsatira. Khoma lalitali limapindika kwambiri, ndiye galimoto imachedwako pang'ono kumvera. Lalifupi ndi louma, limamvera msanga. Yesani kupinda chofufutira chachitali ndi chachifupi ndi zala, mumva kusiyana komweko.

Koma zaulere palibe. Limu yaikulu nthawi zambiri imalemera kuposa yaing'ono yopangidwa mofanana, ndipo kulemera kwa pagudumu n'koipa kuposa kulemera kwa katundu wa m'buti. Thupi la galimoto limakhala pamwamba pa masipuling'i, pamene gudumu lili pansi pawo, ndipo liyenera kukwera ndi kutsika motsatira mabampu onse. Lamulo lachiwiri la Newton likuti F = ma: chinthu cholemera chimafuna mphamvu yambiri kuti chisinthe kayendedwe. Gudumu lolemera likagunda bampu limadumpha, ndipo sipuling'i imavutika kulibwezera pansi msanga. Pa kamphindi komwe tayala lapepukidwa kapena lili m'malere, silingakhote, silingagwire buleki.

Palinso nkhani ya kuzungulira. Gudumu siliyenda kutsogolo kokha, limazunguliranso, ndipo kulemera komwe kuli kutali ndi pakati kumavuta kwambiri kukuzungulitsa. Mangani mwala ku chingwe chachifupi muuzungulitse, kenako talikitsani chingwecho. Kuti uzungulire kangapo pa sekondi ngati poyamba, mkono wanu ugwira ntchito yochuluka. Limu yaikulu imasunthira chitsulo chambiri kunja, ndiye injini imawononga mphamvu ina pongozungulitsa magudumu, ndipo mabuleki amalimbana nayonso mphamvu yomweyo poima.

Mwina mudabwa kumva kuti galimoto za Formula 1 zinkathamanga ndi malimu a mainchi 13 okha mpaka 2021, ochepa kuposa a galimoto zambiri zomwe mumaziona m'tauni. Anasintha kupita pa 18 mu 2022 chifukwa malamulo a mpikisanowo anasintha. Ndiye wina akamanena kuti liwiro limabwera ndi limu yaikulu, mukumbutseni zimenezi.

Tibwere ku mulifupi, komwe kuli nkhani yomwe ine imandikomera kwambiri. Ambiri amaganiza kuti tayala lalikulu m'mbali limaponda malo aakulu. Tiyeni tione. Pressure ndi force kugawa ndi area. Tayala lililonse la galimoto yathuyi limasenza pafupifupi 3,100 N, ndipo mpweya wake amaupopa kufika 240 kPa. Area ndiye ikhala 3,100 kugawa ndi 240,000, pafupifupi 130 cm², malo onga dzanja la munthu wamkulu. Galimoto yonse, ndi liwiro lake lonse, imagwira msewu pa manja anayi okha. Masamuwa ndi ongoyandikira, poti khoma la tayala nalo limasenzako katundu, koma akutionetsa chinthu chofunika: mukaika tayala lotambalala koma mpweya ndi kulemera n'zomwezo, malo oponda sakula kwambiri. Chimasintha ndi maonekedwe ake. Amachoka pokhala aatali chakutsogolo n'kukhala aafupi koma otambalala m'mbali.

Apa wophunzira watcheru afunsa: buku lathu likuti friction ndi μ kuchulukitsa ndi normal force, area mulibemo, ndiye mulifupi ukuthandiza chiyani? Funso labwino zedi. Lamulo la m'bukulo limagwira bwino pa zinthu zolimba, monga thabwa pa tebulo. Labala ndi wina. Amalowerera m'timaenje ta phula, amamatirira, ndipo μ yake imatsika akapanikizidwa kwambiri kapena akatentha mopitirira. Tayala lotambalala limapindika pang'ono pozungulira, ndipo kutentha kumagawika pa labala wambiri, choncho opanga amatha kugwiritsa ntchito labala wofewa, wogwira kwambiri, osaopa kuti atha msanga. Malo oponda otambalala amalimbanso bwino pamene kona ikukankhira galimoto cham'mbali. N'chifukwa chake Porsche 911 Carrera S ya 2019, yomwe injini yake ili kumbuyo, ili ndi 245/35 R20 kutsogolo koma 305/30 R21 kumbuyo, komwe kuli kulemera kwambiri ndi mphamvu yonse ya injini.

Komatu mvula ikagwa zinthu zimatembenuka. Tayala liyenera kukankha madzi kuti lifike pa phula, ndipo lotambalala lili ndi madzi ambiri oti liwachotse panjira. Liwiro likakwera, madzi amalephera kuthawa, tayala limakwera pamwamba pawo n'kuyamba kuyandama. Pamenepo chiwongolero chimangopepuka m'manja, galimoto n'kumapita komwe yafuna.

Ndipo kugwira kwambiri si cholinga cha sports car iliyonse. Gulu lomwe linapanga 86, lotsogozedwa ndi injiniya Tetsuya Tada, linaveka galimotoyi matayala a Michelin Primacy HP, mtundu womwe unkapezekanso pa Toyota Prius zina, galimoto yodziwika ndi kusunga mafuta osati kuthamanga. Anachita dala. Ankafuna kuti dalaivala azimva matayala akuyandikira malire awo pa liwiro locheperako, pomwe kulakwitsa kumakonzeka. Ine ndimaona kuti anaganiza bwino. Galimoto ya mahatchi pafupifupi 200 ikavala matayala a galimoto ya mahatchi 500 imangolemedwa, imamwa mafuta ambiri, ndipo kukoma kwake kumatha.

Zotsala ndi zoti limu ikwane. Ya 86 ili ndi mabowo asanu a manati okhala pa mzere wozungulira wa 100 mm, zomwe amalemba 5x100. Limu ya 5x114.3 siingalowe ngakhale mabowo ake ndi asanunso. Pali offset, mtunda wa pakati pa limu ndi pomwe imakhudzana ndi galimoto, womwe pa 86 ndi +48 mm. Mukauphonya, tayala limakhula thupi la galimoto kapena mashoko. Ndipo 87W ija tinaisiya kumayambiriro: 87 akutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze 545 kg, W kuti lingapirire mpaka 270 km/h. Ziwirizi osazitsitsa pofuna kupulumutsa ndalama.

Tsono galimoto yotereyi itatsika kuchokera ku Japan n'kufika pa misewu yathu, ndingasankhe chiyani? Khoma la tayala ndilo limayamba kulandira nkhonya gudumu likagwera m'dzenje. Pa 113 mm pali malo oti labala apindike. Pa 86 mm, mlomo wa dzenje umatha kupana labala ndi limu, ulusi wa m'kati n'kuduka, ndipo mawa lake mumapeza chotupa m'mbali mwa tayala. Chotupa chimenecho sichimatika, tayalalo latha, ndipo likhoza kuphulika galimoto ili pa liwiro. Nthawi zina limu yomwe imapindika. Kwa msewu wokhala ndi maenje a nyengo ya mvula, ine ndingakhale pa 17, ndipo ngati mabuleki akukwana, 16 sindingachite nayo manyazi. 18 ndingaisiyire amene amayenda pa phula losalala tsiku ndi tsiku.

Nayi ntchito yanu. Mwini 86 akufuna kuchotsa 215/45 R17 n'kuika 225/40 R18. Pezani msinkhu wa khoma, msinkhu wa gudumu lonse, ndi peresenti ya kusiyana kwake ndi 625.3 mm. Kenako nenani liwiro lenileni pamene sipidomita ikuonetsa lomwe kale linali 80 km/h, ndiponso ngati malire a 3 peresenti aja awadumpha kapena ayi.