Cinsinsi ca kulimba kwa mkuwa ciri m'timibulu tosaoneka ndi maso

Waya wa mkuwa ukapindidwa kangapo pamalo amodzi umauma ndipo pamapeto pake umathyoka. Koma ukaochedwa pamoto usanathyoke, umafewanso. Mkuwa umakhala womwewo. Cimene cimasintha ndi kayalidwe ka m'kati mwake.

Pafupifupi citsulo ciriconse cinapangika ndi timibulu ting'onoting'ono togundana, tooneka ndi maikulosikopu cabe. Henry Sorby wa ku Sheffield, m'dziko la Britain, ndi mmodzi mwa oyamba kuona timibuluti m'citsulo m'zaka za m'ma 1860.

M'kati mwa kambulu kalikonse, maatomu amayalana m'mizere. M'caka ca 1934, akatswiri atatu, Taylor, Orowan ndi Polanyi, anafotokoza kuti citsulo cimapindika cifukwa m'mizeremo muli tizilema timene timasuntha citsulo cikapanikizidwa. Tizilemati tikafika pamalire a timibulu timatsekerezedwa. Conco timibulu tikacepa msinkhu, malire amaculuka ndipo citsulo cimalimba. Kupinda kapena kukoka waya kumaculukitsa tizilemati mpaka timapingana, n'cifukwa cake waya umauma. Moto umabala timibulu tatsopano topanda zilema zambiri.

Mfundoyi inaikidwa m'masamu ndi E. O. Hall mu 1951 ndi N. J. Petch mu 1953, atapima zitsulo zosiyanasiyana. Lamulo lao limati timibulu tikacepa kanayi, mphamvu yocokera ku malire ao imawirikiza kawiri. Komabe pambuyo pake kunapezeka kuti timibulu tikacepetsetsa kufika pa mananomita pafupifupi 10, lamuloli limaleka kugwira nchito ndipo citsulo cimayamba kufooka.

Masiku ano akatswiri amajambula timibulu, nalowetsa kukula ndi kayalidwe kake mu kompyuta. Kompyutayo imagawa cithunzico m'tizigawo tambirimbiri ndi kuwerengera mmene kacigawo kalikonse kangacitire kakakokedwa kapena kutenthedwa. Motero fakitale imatha kudziwiratu pamene mng'alu ungayambire, m'malo moononga cuma poyesa kambirimbiri. Ngakhale n'tero, zotsatira za kompyuta zimatsimikizidwabe pokoka citsulo ceniceni mpaka ciduke.

Nzeru imeneyi ikukhudza Zambia. Mkuwa woyengedwa wa ku migodi umayera kufika pa 99.99 peresenti, koma kuyera kokha sikupanga nthambo yabwino ya magetsi. Pa fakitale monga ya Zamefa ku Luanshya, mkuwa umakokedwa kukhala waya, ndipo waya wa m'nyumba umafunika kutenthedwa pa mlingo woyenera kuti ufewe. Ukauma kwambiri ungathyokere m'cipupa ndi kubutsa ngozi ya moto. Ukafewa mopitirira umatamuka.

Mkuwa wambiri wa dziko lino umagulitsidwa kunja usanasulidwe kukhala katundu. Kuti phindu loculuka litsale kuno kwathu, pafunika akatswiri odziwa kukumba mkuwa komanso kulamulira timibulu take.