Pemphero la Kwathu Limayenda ndi Nkhuni

Mzungu wina wa ku England amene anabwera ku Chipata pa ntchito ya zaulimi anandiuza mosabisa kuti ife timapemphera mopyola muyeso. Chimene chinamuimitsa mutu n'chakuti mwana wa mnzawo wa pa ntchito atamwalira, anthu onse a pa ofesi anakathera kumaliro ku Mchini, n'kukagona panja akuimba mpaka tambala. Anati kwawo chisoni n'cha munthu ndi banja lake, ndipo kumusiya yekha ndiko kumulemekeza. Anawonjezera kuti nthawi imene timataya popemphera tikanachita nayo zina. Ndinamumvetsera mwaulemu monga tichitira ndi alendo, koma sindinavomere.

Iye anamva nyimbo zokha. Akanalowa m'nyumba ya siwa akanapeza mipando yatulutsidwa, amayi atakhala pamphasa mozungulira namfedwa, wina atamugwira phewa, wina akumukakamiza kumwa phala. Panja amuna azungulira moto, ndipo kope la chipepeso likuyenda. Amayi a Chigwirizano a mpingo wa Reformed akatopa, a Dorika a Adventist amalandira nyimbo. Kenako a mphakati wa Akatolika amayamba korona chapansipansi. Palibe amene amafunsa kuti malemu anali wa mpingo uti asanakhale pansi. Ndipo yang'anani m'manja mwa obwerawo: uyu kathumba ka ufa, uyo mtolo wa nkhuni, winayo kabichi kapena kapenta wa pa msika wa Kapata. Mayi amene wapemphera kuti Mulungu atonthoze ana amasiye ndi yemweyo amene m'mawa akutsuka miphika. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo Chikhristu chitafika chinapeza mwambowu ulipo kale, n'kuupatsa nyimbo ndi Buku Lopatulika.

Ku England zinthu n'zaudongo ndithu. Munthu akaferedwa amalandira khadi ndi maluwa. Mwambo umachitika patapita milungu, pa ola lolembedwa, ndipo nthawi zambiri mtembo amauwotcha. Masiku ano ena akusankha kuti uwotchedwe popanda mwambo uliwonse, popanda ngakhale wachibale. Kalembera wa 2021 anasonyeza kuti ku England ndi ku Wales anthu odzitcha Akhristu sakufikanso theka, ndipo matchalitchi ena anasanduka nyumba zogona ndi malo omwera. Sindikunena kuti kulibe opemphera. Alipo, amayatsa kandulo m'tchalitchi mwakachetechete, ndipo Mulungu amawamva. Koma dziko lomwelo mu 2018 linasankha nduna yoona za vuto la kusungulumwa. Ntchito imene kuno amaigwira amayi a mumpingo Lachinayi masana, kumeneko inafuna ofesi ya boma.

Za kutaya nthawi, mbiri ya dera lino ikuyankha yokha. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Magwero mu 1899, sanangomanga tchalitchi. Pofika 1905 pamalopo panayamba sukulu ya ana osaona, ndipo mpaka lero Magwero amadziwika ndi maphunziro a osaona ndi osamva. A Adventist ali ndi chipatala ku Mwami, pafupi ndi malire a Malawi. Ku Katete kuli chipatala cha St Francis, chimene chinayambitsidwa ndi a Anglican, komwe odwala amachokera kutali. Pitani ku chipatala chachikulu cha Chipata pa nthawi yoona odwala: mudzapeza anthu ataima m'mbali mwa bedi, maso atatsinzina, koma pansi pali kontena ya nsima yotentha, ndipo akangoti ameni amafunsa ngati dokotala wadutsa. Kuno jekeseni ndi pemphero sizilimbirana malo.

Malemu Medardo Mazombwe, amene anali bishopu wa Chipata kwa zaka zoposa 20 asanapite ku Lusaka, n'kudzakhala kadinala mu 2010, anali munthu wa pemphero. Koma ndi yemweyo amene anaima pamaso pa mayiko olemera, pa nthawi ya Jubilee 2000, kuwauza kuti akhululukire Zambia ngongole zimene zinkadya ndalama za masukulu ndi zipatala. Mu 2005 gawo lalikulu la ngongolezo linafafanizidwa. Kugwada sikunamulepheretse kuyankhula.

Taonaninso chilala cha 2024. Chimanga chinapserera m'munda chisanabereke, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka, ndipo madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima tsiku lathunthu. M'midzi ya kwa Mpezeni ndi kwa Gawa Undi anthu anapempherera mvula, inde. Sindinganene kuti pemphero linadzaza nkhokwe. Chimene linachita n'chakuti anthu anapitiriza kukumana, ndipo pokumanapo zinkadziwika kuti kwa agogo akuti moto sunayake masiku awiri. Wanjala amene amabwera ku mapemphero sabisika. Ku Ulaya boma lili ndi ndalama zothandizira ovutika, ndipo n'zosiririka. Ife ndalama zoterozo n'zochepa, choncho amene akuti tichepetse kupemphera atiuze kaye chimene adzaike m'malo mwake.

Zoipa zilipo, ndipo sitifunika mlendo kuti atiuze. Kwabuka aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta odzozera, ena mpaka kuuza odwala kuti asiye ma ARV poti achiritsidwa. Tawaika m'manda anthu otere. Alipo achibale amene usiku amaimba mokweza, m'mawa n'kuyamba kuwerenga mbale ndi malata a mayi wamasiye, ngakhale lamulo la 1989 limateteza mkazi ndi ana. Amenewa ndi akuba ovala jekete ya tchalitchi. Pemphero limene tinalandira kwa makolo athu silinali ndi mtengo, ndipo wopemphera ndiye ankabwera atanyamula kanthu.

Chimene ndimaopa kwenikweni si mawu a mzungu uja. Ndi ife eni ake. Ana athu a m'tauni ayamba kutumiza chithunzi cha manja opemphera pa WhatsApp ndi kandalama pa foni, n'kumaona ngati akhuza maliro. Ndalamayo ndi yofunika, koma singagwire munthu phewa pa 3 koloko ya usiku, pamene nyimbo zazirala ndipo namfedwa wayambanso kulira. Anzake a Yobu analakwitsa zambiri atayamba kuyankhula, koma masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye pansi osanena kanthu, anachita bwino.

Choncho inu a ku Kapata, ku Navutika, ku Magazine ndi kumidzi konse, mukamva kuti kwa mnzanu kwagwa zovuta, musafunse ngati mwaitanidwa. Tengani chitenje kapena jekete yofunda, nyamulani chimene muli nacho, mupite mukapemphere naye pamphasa.